Mabatire Akufa pa Khonde la Ba Anti

Lolemba

Ndani anayambitsa lamulo loti musanakonze vuto muyambe mwafunsa anthu ngati ndi vutodi? Kuofesi ku Lusaka aliyense amangogwedeza mutu ngati lamulolo linatsika kumwamba. Ine ayi. Vuto ndikulidziwa kale. Ndi mabatire akufa. Basi.

Ndilembe bwino kuti mutu ukhale m'malo. Kampani yathu imagulitsa masola a m'nyumba: panelo, batire, mababu, munthu n'kumalipira pang'onopang'ono pa foni. Chaka chino mabwana akufuna kudziwa kuti pa zonse zimene ntchito yathu imakhudza anthu ndi chilengedwe, zazikulu ndi ziti. Ali ndi tchati chachikulu chapulasitiki, chokula ngati chitseko. Mbali ina yalembedwa zofunika kwa kampani, mbali ina zofunika kwa anthu. Nkhani imene ikwere pamwamba mbali zonse ziwiri ipatsidwa galimoto yake ndi wantchito wake wokhazikika.

Mbali ya kampani adzaza kale okha, ndipo mabatire ali pamwamba. Yatsala mbali ya anthu. Ndiye anditumiza kuno ku Rufunsa kuti ndidzafunse.

Mabatire akufa ndi nkhani yanga. Ndi imene ndinalemba pomaliza ku yunivesite. Miyezi yanga yoyesedwa ntchito ikutha mwezi uno. Mabatire akapambana, wantchito wokhazikikayo ndine. Akagwa, ndibwerera kukathandiza amayi kugulitsa zovala za salaula, digiri ili m'chikwama.

Ndikugona kwa ba Anti ku Chinyunyu. Ndisanatule n'komwe chikwama ndaona kale batire lathu lakufa. Ndi limene likugwira chitseko cha kukhitchini kuti mphepo isachimenye. Umboni! Ba Anti akuti, "Usagwire, ni yanga iyo."

Zimene ndabweretsa:
tchati
makadi a zithunzi (mabatire, mitengo ndi makala, ntchito za achinyamata, azimayi pa ntchito, kusunga manambala a mafoni a makasitomala)
khadi limodzi lopanda kanthu, loti anthu awonjezere zawo. Lamulo lina lopanda ntchito.
chimanga chovotera, m'chigoba cha batala

Ba Mwansa, bwana wanga, pa foni: "Iwe ntchito yako ni kumvera chabe. Maganizo yako usiye ku Lusaka."

Pa denga pali chinthu chikuthamanga.

Lachiwiri

Msonkhano woyamba, ndi ogulitsa a m'mbali mwa msewu. Ndayala makadi pa mphasa. Aliyense ndamupatsa chimanga chodzaza dzanja. Ndafotokoza kawiri: khadi limene lakukhudzani kwambiri, ikanipo chambiri.

Woyamba ndi amake Loveness, ogulitsa tomato. Agwada. Ayang'ana makadi onse ngati ana awo. Kenako ayamba kugawa: kuno kamodzi, kuno kamodzi, kuno kamodzi, n'kubwereranso poyamba. Ndikuti, amayi, sankhani! Iwo akuti, "Nanga iyi ikhale na njala pamene anzake akudya?"

Ngakhale khadi lopanda kanthu alipatsa gawo lake. Akuti lingadandaule.

Onse otsatira achita chimodzimodzi. Onse! Ngakhale dalaivala wa lole amene wangoima kuti akasambe mapazi ku kasupe wa madzi otentha. Sadziwa n'komwe kuti kampani yathu ndi iti, koma wagawa mwachilungamo, n'kupita.

Zotsatira: zonse n'zofunika mofanana. Sukulu yonse ija kuti ndidzapeze kuti zonse n'zofanana.

Wosankha weniweni lero ndi nkhuku imodzi. Yabwera ndikulongedza, yadya chimanga cha pa khadi la makala chokha.

Mayi wina ndikuchoka: "Ba madamu, nanga makoswe? Atidyera waya wa babu kawiri." Ndamwetulira. Makoswe si nkhani ya pa tchati.

Lachitatu

Chigoba cha chimanga chatsala theka. Chivindikiro chabooledwa. Ba Anti akuti, "Alendo ako a pa denga avota usiku."

Lero ndi maejenti athu, anyamata ndi atsikana amene amagulitsa ndi kukonza masola m'midzi, ndi antchito a boma angapo amene ndawaitana. Awa ndi ophunzira, ndikuti, awa asankha.

Pemphero lotsegulira. Kudziwana. Bambo mmodzi wa tayi akuti chibwerereni kuno pamene Rufunsa inkakhala boma payokha, palibe amene anamufunsapo maganizo. Ndiye wawapereka onse lero. Za madzi, za nyumba yake imene ikudontha, za mkazi wake amene akukana kuchoka ku Lusaka. Mabatire sanawatchule.

Nthawi yovota. Maejenti agwira chimanga m'manja, palibe akusuntha. Mmodzi wakweza dzanja: "Ba manejala anavota chani? Ise tifuna tivote vimene avota ba manejala." Ndikuti sindingakuuzeni, lamulo likukana. Ndiye palibe wavota. Ena ayamba kutafuna.

Lamulo likukana! Yankho lili pakamwa panga, anthu akulipempha okha, ine ndikulimeza.

Ndaimbira ba Mwansa, nditakwera pa chulu chifukwa netiweki ili pamenepo. Agamula motere: voti imodzi yomaliza Loweruka, anthu onse pamodzi, aliyense njere imodzi yokha. Imodzi sigawika. Apa ndavomereza kuti bwana nthawi zina amaganiza.

Tsopano ndili ndi masiku awiri opanda ntchito. Ba Mwansa anati ndisanene maganizo anga pa msonkhano. Sanati ndisaphunzitse anthu kunja kwa msonkhano. Kuphunzitsa si kampeni.

Chingwe changa chotchajira foni chalumidwa pakati.

Lachinayi

Minibasi ya ku Mpanshya. Ndakhala pa thumba la feteleza, mbuzi ya munthu wina ili pa mapazi anga.

Ndaphunzitsa pa msika. Ndaphunzitsa pa mjigo. Ndaphunzitsa azimayi odikirira odwala awo kunja kwa chipatala, amene analibe kothawira. Ndanena zonse: m'batire muli mtovu ndi asidi. Likasweka zimalowa m'nthaka, kuchoka m'nthaka zimalowa m'chitsime. Mwana akamaliseweretsa n'kuika zala m'kamwa, mutu wake sukula bwino. Musakhalire, musatsekerezere chitseko, musaponye m'chimbudzi.

Anthu akumvetsera! Mayi wina wagwira pakamwa. Wina akuti lake ali nalo pansi pa bedi la ana. Pa moyo wanga wonse sindinamvedwepo chonchi. Mawu akungotuluka okha.

Ndiye ndawonjezera: "Musawasunge m'nyumba. Kampani idzawatenga."

Bambo wina wa njinga, wachipewa cha ubweya kunja kukutentha chonchi: "Idzatenga liti?"
Ndikuti posachedwa.
"Nanga kampaniyo ikhala kuti?"
Ndikuti ku Lusaka, koma ine panopa ndili kwa amake Dalitso ku Chinyunyu, nyumba ya chitseko chobiriwira.
"Oho. Tawadziwa."

Amake Dalitso ndiwo ba Anti, ndipo aliyense amawadziwa. Anabwera kuchokera ku Petauke kalekale ndipo amaimba kwaya.

Pobwerera ndikuwerengera m'mutu. Loweruka khadi la mabatire lidzakwiririka ndi chimanga. Galimoto ndikufuna yoyera. Ndikufunanso jekete la dzina langa.

Lachisanu

Ba Anti andidzutsa ndi mawu amodzi: "Tuluka."

Pa khonde pali mabatire. Atatu. Ndasangalala, ndajambula.

Pofika nthawi ya tiyi abwera ena pa wilibala. Kenako pa njinga. Kenako minibasi yaima pa msewu, kondakitala akukuwa, "Katundu wa ba Batire!" Ndilo dzina langa tsopano. Bambo wa chipewa cha ubweya uja wabwera ndi anayi, awiri ndi a mlamu wake wa ku Shikabeta. Uthenga wafika bwanji ku Shikabeta usiku umodzi, kumene ine foni yanga imafa?

Zimene zili pa khonde dzuwa likamapendeka:
mabatire athu
mabatire a makampani ena, ambiri kuposa athu
mabatire a galimoto, lina likudontha
mabatire a tochi, odzaza ndowa
wailesi yakufa ("Nayo ili na poizoni, ba madamu")
ayironi ya magetsi, m'mudzi mopanda magetsi
batire limodzi lamoyo. Mwini wake akuti sakufuna kudikira kuti life.

Aliyense akutula, akuwomba m'manja, akuthokoza. Mayi wa pansi pa bedi uja wandigwira manja onse awiri, akuti ana ake agona bwino lero. Ndiwauze bwanji kuti galimoto kulibe? Kuti galimoto ikudikira voti ya mawa?

Ba Anti aima pakhomo, manja m'chiuno. "Dzulo unali kuuza anthu kuti ni poizoni. Lelo poizoni ya boma lonse ili pamene nimasankhira nyemba."

Ndikuti ndi za masiku ochepa chabe. Akuti nkhuku zawo zikafa ndidzaikira mazira ndine.

Ba Mwansa sindinawauze. Ndiwauza mawa pamodzi ndi zotsatira, nkhani yabwino idzaphimbe inzake. Ndipo kunena zoona, umboni woposa uwu ulipo? Anthu asonyeza ndi miyendo yawo chimene chikuwavuta.

Kum'mawa kwachita mitambo.

Loweruka

Anthu abwera ambiri kuposa masiku onse. Chimanga changa sichikwana, ba Anti andibwereka chawo.

Tisanayambe, lamulo likuti ndifunse ngati pali chowonjezera pa khadi lopanda kanthu. Ndafunsa mwachangu, motsitsa mawu. Mayi wa Lachiwiri uja wamva. "Makoswe!" Ena: "Eee, makoswe!" Ejenti wina akuti mawaya athu makoswe amawakonda kuposa mtedza, akuti mwina ku fakitale amawapaka shuga. Anthu aseka. Ndiye ndajambula khoswe pa khadi. Akuti akuoneka ngati nkhumba. Ndatalikitsa mchira.

Njere imodzi aliyense. Amake Loveness ayesa kuiluma pakati kuti agawe. Ndawaletsa. Apumira m'mwamba, apepesa kwa makadi enawo, aika pa khoswe.

Wachiwiri: khoswe. Wachitatu: khoswe. Bambo wa tayi: azimayi pa ntchito, akuti mwina mkazi wake angabwere. Kenako khoswe, khoswe, khoswe.

Ndikuyang'ana khadi la mabatire. Mbee!

Bambo wa chipewa cha ubweya wafika pa mphasa. Uyu ndi wanga, ndikuti, uyu anapalasa njinga ndi mabatire anayi. Waweramira, wadutsa mabatire, waika pa khoswe. Lamulo ndaliiwala, ndafunsa pamaso pa anthu: bambo, nanga mabatire?

Wandiyang'ana modabwa. "Aaa, ba Batire, iyo nkhani inasila. Si ali kwa inu?"

Anthu onse avomereza. Vuto limenelo linatha dzulo, akuti, ndipo kampani yachita bwino kwambiri, yafulumira. Andiombera m'manja. Mayi wina waliza nthungululu.

Pa khadi la mabatire pagwera njere imodzi. Ya ba Anti. Aiponya ataimirira, akundiyang'ana m'maso.

Zotsatira: khoswe woyamba, patali. Mabatire otsiriza, pansi pa manambala a mafoni, nkhani imene palibe anaimvetsa.

Ndikulongedza ndaganizapo. Makadi ali pafupipafupi, dzanja likhoza kutsetsereka, chimanga n'kusamukira kwa mnzake. Koma maejenti ajambula kale ndi mafoni awo, ndipo amake Loveness akudikira mphasa yawo.

Lamlungu

Ndakwera pa chulu ba Anti ali ku tchalitchi. Ndatumiza zotsatira monga zilili. Ndawonjezera chithunzi cha khonde.

Ba Mwansa aimba nthawi yomweyo. Choyamba kuseka. Kwa nthawi yaitali. Kenako akuti nkhani ya makoswe ndi yabwino kwambiri, mabwana aikonda, chifukwa waya ukalimba sola ikhalitsa, ndipo zotaya zichepa. Aitcha dzina lalitali la Chingerezi, khoswe mulibemo. Galimoto ipita kumeneko. Wantchito wake akufuna wodziwa za mawaya, osati ine.

Mabatire? Akuti ali pamwamba mbali ya kampani, pansi mbali ya anthu, ndiye akhala pakona ya "tidzaona chaka cha mawa". Nanga a pa khondewa? "Ndani anakutuma kusonkhanitsa?" Akuti ayesa kufunsa dalaivala amene amabweretsa masola ngati angamatengeko awiriawiri pobwerera. Athu okha. A makampani ena, a galimoto, wailesi ndi ayironi, zimenezo ndi zanga.

Za ntchito yanga akuti tikambirana kumapeto kwa mwezi. Mawu amenewo ndikuwadziwa.

Ndawerengera mwachisawawa. Pa awiriawiri, khonde lidzayera ine nditakalamba.

Ba Anti abwera ku tchalitchi ndi uthenga: alengeza pa zidziwitso kuti amene sanapereke lake apereke sabata ino. Anthu a kwaya akuti ndine mwana wodalitsika. Atavula nsapato apita kukhitchini, anyamula batire lawo la pa chitseko lija, aliika pamwamba pa mulu. Pa chitseko aikapo mwala.

"Ukapita ku Lusaka, upite nawo. Ukawasiya, nawenso ukhala."

Choncho ndikukhala.

Kwagunda bingu mbali ya ku Mpanshya. Chimene ndinanena Lachinayi n'choona ndithu: madzi akalowa mu muluwu, zonse zitsikira kumunsi, ndipo kumunsi kuli chitsime cha ba Anti.

Ndabwereka wilibala kwa aneba. Ndatuta njerwa za kuseri kwa chimbudzi, ndayala pansi pa khonde kumbali yosafika madzi, ndasanjapo mabatire limodzilimodzi, lodontha lija m'beseni lakelake. Lona yofunditsa palibe. Ndiye ndatenga tchati cha kampani, pulasitiki yake ndi yolimba, ndafunditsa mulu wonse, ndatsindira miyala m'makona. Pakona ya zofunika kwambiri pagwera pa wailesi.

Kenako ndapita kwa amake Loveness kukafunsa ngati mphaka wawo ali ndi ana.