Saluti Yomaliza kwa Bwana Zulanga

Anthu a ku Kawale amene analipo tsiku limenelo, mpaka pano akandiona amayang'ana kumbali kubisa mano. Ndiye bola ndinene ndekha.

Bwana Zulanga ndi amene anandiphunzitsa upolisi. Ndinafika m'manja mwawo ndili kamnyamata kosadziwa n'kupolisha nsapato komwe. Sankakalipa munthu uja. Ukalakwa ankangokuyang'ana n'kufunsa kuti, "Mwana wanga, wadya koma?" Iwe manyazi ako. Atamwalira ndinalira ngati ndataya bambo wondibala, ndipo atandisankha kuti ndikaike nkhata m'malo mwa tonse amene anatiphunzitsa, ndinalumbira kuti saluti yanga akaimva ali m'bokosi momwemo.

Vuto linali yunifolomu. Ndakhala zaka zambiri kunthambi yofufuza milandu, komwe timavala zathuzathu, ndipo mimba nayo yakhala ikufufuza kanyenya wa ku Mchesi. Mayi akunyumba atandiona ndikulimbana ndi batani anati, "Bambo a Chisomo, ingovalani suti." Ine ndinakana, ndinati bwana wanga sindingamutsanzike ngati wogulitsa inshulansi. (Batani linalowa ndithu, kungoti ndinasiya kupuma.)

Kumanda ndinaguba mokoma, nanenso n'kumadzimva. Kufika pamtumbira, ndinawerama ndi nkhata ija.

Phwee!

Thalauza linang'ambika kuyambira palamba mpaka kunsi. Mphepo ndinaimva komwe siyenera kufika.

Tsono mwambo wake umati ukaika nkhata udzuke, umenye saluti, utembenuke n'kumapita. Kumbuyo kwanga kunali amayi a kwaya, omwe anali ataona kale zonse. Kutsogolo kunali amayi amasiye ndi mabwana akuluakulu, omwe akanaona ndikangotembenuka. Ndiye ndinamenya saluti n'kuuma pomwepo. Dzanja silinatsike. Nyimbo inatha, inayambanso ina, ine chilili, thukuta kamukamu.

Woyendetsa mwambo anayesa chisoni chandigwira. Pachimkuzamawu anati, "Tikumvetsa, bwana, tonse zatikhudza."

Anandipulumutsa ndi mayi wina wa kwaya. Anabwera mwakachetechete, n'kundimanga chitenje m'chiuno, mfundo yolimba bwino. Anandinong'oneza kuti, "Tsitsani dzanja, achimwene, taona zokwanira." Ndinatembenuka mwaukadaulo wonse n'kuguba, kumtunda wapolisi, kumunsi maluwa achikasu.

Titabwerera kusiwa ndinamva kuti amayi amasiye akundifuna. Ndinadziwa kuti ndanyozetsa maliro a munthu amene anandipanga kukhala munthu, ndipo ndinalowa chogwada, chitenje chili m'chiuno.

"Amayi, pepani kwambiri."

Anandiyang'ana, mapewa n'kuyamba kugwedezeka. Anaseka mpaka misozi, kenako inakhala misozi yeniyeni. "Chigonekereni abambo m'chipatala sindinasekepo," anatero. "Mwana wawo mwandithandiza lero."

Ndinalira nawo pamphasapo.

Thalauza lija lili kwa telala ku Biwi. Iye akuti palibenso nsalu yokulitsira, ndigule lina. Ndamuuza angosoka momwemo, ndichepa.