Ng'oma ya Anganga M'pepala la Matiresi

Lero ndikuseka, lero ndikuimba, koma tsiku lija ndinalakalaka nthaka ya Domasi itang'ambika ndilowemo, ine ndi imvi zanga zomwe.

Ng'oma ija, ee, ng'oma ija! Anganga anga, amayi awo a mayi anga, anabwera nayo pamutu kuchokera kutsidya kwa Chilwa. Chikopa chake cha gwape, pakati pake posalala, pomwe zikhato zawo zinkagwa. Ukaika dzanja pamenepo unkakhala ngati wawapatsa moni. Pa chinkhoswe cha amayi inalira, pa changa inalira, ndipo masiku onse inkalendewera kudenga m'khitchini, mu utsi, yakuda bii ndi mwaye.

Ndiye mwana wanga wa ku Joni anandimangira nyumba ya malata. Simenti pansi, ee! Mawindo agalasi, ee! (Ndinavina mpaka bondo linatupa.) Mtima unati, iwe ugone pabwino, anganga atsale mu utsi? Ndinaitsitsa, ndinaipukuta ndi nsanza yonyowa, ndinaidzoza mafuta ophikira kuti iwale. Kenako ndinaikulunga m'pepala la pulasitiki lomwe linabwera ndi matiresi, kumanga ndi linya kuti ndii, n'kuikankhira kunsi kwa bedi.

Abiti Mdala, mnzanga amene timachita malire kumunda wa mpunga, anandipeza ndikumanga mfundo yomaliza.

"Amwali, mwaiveka sanda? Yamwalira liti?"

"Nsanje, Abiti. Yanu nyumba ikadali ya udzu."

"Ng'oma imafuna kupuma, inu azungu a ku Malemia."

Ine kuseka, iwo kupukusa mutu.

Mvula inabwera, mvula inakhala. Kuno kuchigwa ikayamba, ngakhale mchere umalira m'botolo. Makoma anga atsopano ankatuluka thukuta, ine osaganiza kanthu.

Titakolola, mdzukulu wanga Tadala anandigwadira. "Agogo, pa chinkhoswe changa abweretsa zimasipika za ku Songani, koma ine ndikufuna ndilowe ndi ng'oma ya anganga, monga munalowera inu." Ndinalulutira, ndinalonjeza, ndinalengeza mudzi wonse. (Kukaisuzumira ayi. Chinthu chosungidwa bwino chotero, kusuzumira chiyani?)

M'mawa wa tsikulo ndinamasula linya. Fungo, mayo ine! Ng'oma yachita chuku. Ndevu zoyera ngati za tonde, kwina kobiriwira, kwina madontho akuda, mpaka m'kati mwa mtengo. Ndinaikwecha ndi sopo ndi mchenga. Ndevu zinachoka, koma chikopa chinalefuka ngati chigwada chophika. Ndinasonkha moto wa mapesi kuti ndiiwambe, ndipo poti akuchimuna anali atayamba kufika, ndinaisendeza pafupi. Ndinaisendezanso. Inakungika, ine ndati zatheka.

Bwalo ladzaza, masipika azimitsidwa, Tadala waima pakhomo ndi chitenje chake chatsopano. Ndinaika ng'oma pakati pa miyendo, ndinakweza nyimbo, amayi anavomera. Ndinakweza dzanja mmwamba, kuti ndi akumbuyo omwe aone.

Phwaa!

Dzanja linalowa mpaka m'chigongono. Kunsi kunatuluka fumbi la mtengo wofumbwa, ankhoswe akuchimuna anayetsemula. Ine ndili chikhalire, ng'oma ndavala pamkono ngati chibangili.

Abiti Mdala anadzuka msanga. Anakhuthula madzi m'chigubu, anachiika pamiyendo, anayamba kuchiomba. "Imbani, amwali, mwana waima padzuwa!" Ndinaimba. Tadala analowa akuvina, akuseka, misozi ili mbwee, ndipo mpaka lero sindinamufunse kuti inali misozi ya chiyani.

Bambo wina wosema ng'oma anapala mofumbwa monse, nakunga chikopa cha mbuzi. Imalira, inde imalira, koma ndi mawu a mlendo. Ndikaika dzanja pakati, palibe amene amandiyankha moni. Mbava ikanaiba ndikanakhala ndi womutukwana. Chuku chinadya mwakachetechete, kunsi kwa bedi langa lomwe, ine ndili pamwamba kuliza mkonono. Utsi umene ndinkaunyoza uja ndi umene unkaisunga zaka zonsezi.

Pano yabwerera kudenga m'khitchini, ikudanso pang'onopang'ono. Ndauza Tadala kuti aziiomba akabwera, mwina zikhato zake zidzasalaza pakati.

Pepala lija sindinataye, ndi pepala labwino. Ndakulungamo chithunzi cha malemu bambo a kunyumba kuno, chija anavala jekete. (Abiti musawauze.) Mawa ndikawasuzumira, ndione ngati sanamere ndevu.