Nsapato za m'bokosi

Anzanga, mukandipeza ndikutsuka mbale nditavala suti musandifunse zambiri, ndinaphunzira mowawa.

Ine ndimaperekera zakudya pa loji ina ku Senga Bay. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo mlendo wina, mzungu wa phazi lofanana ndi langa, pochoka anandisiyira nsapato zakuda zachikopa, zopepuka ngati sunavale kanthu. Ndinangoziyesa kamodzi m'chipinda n'kunena kuti ayi, izi si zopondera mamba a chambo. Ndinazibwezera m'bokosi, bokosilo pansi pa bedi, kudikira tsiku lalikulu. Lamlungu lililonse ndinkazitulutsa, kuzipaka polishi, kuzisirira, n'kuzibwezera. Kuukwati, kumaliro, Khirisimasi, konseko ine ndi masandasi basi.

Chaka chomwecho ndinapezanso chibwenzi, Tiyamike wa ku Chipoka. Nayenso, kunena chilungamo, ndinkangomuuza kuti tidikire zinthu zikhale kaye bwino. Mwezi wathawu mwana wa eni anatopa. Anandiuza mosapsatira kuti ndikapanda kukaonekera kwawo Loweruka ndimuiwale, chifukwa panali mphunzitsi wina yemwe ankangozungulirazungulira pakhomo pawo.

Basitu, tsiku lalikulu lija lakwana! Ndinatengana ndi amalume, nsapato zili ng'aning'ani kuphazi, ndikuyenda ngati mwini loji.

Zinayambira pa depoti ya Salima. Tikupita kukakwera minibasi ya ku Chipoka ndinamva ngati ndikuponda chigumu. Kucheuka, ndinaona tizidutswa takuda tili mbwee m'mbuyo mwanga, ndiye ndinangoti mbuzi za m'tauni zilibe mwambo. Ndiponde katatu, chidendene chakumanzere chinatsala pansi, mwini wake n'kupitirira.

Tinathamangira kwa bambo wina wosoka nsapato, wovala kofia. Analowetsa singano, kukoka ulusi, ulusi n'kutuluka ndi chibenthu.

"Wallahi achimwene," anatero, "ndakalambira pa ntchito imeneyi koma chikondamoyo sindinasokepo. Ulusi ugwira pati?"

"Gula patapata mphwanga, si mlandu," anatero amalume.

Ine? Kukaonekera ndi patapata, mphunzitsi uja ali tcheru? Ndinagula guluu wa m'kachubu uja. Kugwira anagwiradi, koma anagwira zala zanga ziwiri, moti ulendo wonse ndinakhala ngati munthu wofuna kutsina mchere.

Titatsika ku Chipoka, dzuwa lili paliwombo, nsapato yakumanja nayo inati sinditsala. Ndikaponda chibenthu, ndikaponda chibenthu, nkhuku za m'mudzimo n'kuyamba kundilondola zikujompha. Pofika pafupi ndi nyumba, kunsi kunalibiretu kanthu, sokosi zikupsa ndi mchenga. Koma pamwamba, abale, nsapato zikuwala ngati zangochoka m'sitolo! Ndinaganiza mwanzeru zanga kuti bola osanyamula phazi, ndani angadziwe? Ndinayamba kukhwekhwereza mapazi pang'onopang'ono, ndipo ndinamva mayi wina akunong'ona kuti mkamwini ameneyu ndi waulemu.

Anatikhazika pansi pa mtengo wa mango, abambo pamipando kutsogolo kwathu, amayi pamphasa kumbuyo kwathu. Amalume anandikodola kuti ndipereke moni. Ndinagwada bwinobwino, mawondo onse awiri, manja pamodzi.

Kodi inu munaganizapo kuti munthu akagwada, kunsi kwa mapazi kumaloza kuti?

Kumbuyo kuja ndinamva, "Mayo ine!" Amayi onse nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka. Kukhwekhwereza kuja kunali kutaboola sokosi, ndiye ankaona zidendene zanga zenizeni, zong'aluka, zitavala chikopa chonyezimira pamwamba ngati denga la nyumba yopanda maziko. Tambala wina anafika n'kujompha chibenthu chotsiriza. Ndinaona Tiyamike akusuzumira pawindo n'kutseka katani, ndipo mtima wanga unangoti basi, mphunzitsi wawina. Ndinachita manyazi oti nthaka ing'ambike ndilowe.

Amene analankhula koyamba ndi Chisomo, mkulu wake wa Tiyamike, yemwe amaphunzitsa sayansi kusekondale. Anatola kachibenthu n'kukafikisa m'zala.

"Alamu, nsapatozi si zabodza ayi, ndi zodula ndithu. Kunsi kwakeku ndi poliyuretheni. Amasakaniza mankhwala n'kupanga timaunyolo tosaoneka ndi maso, pena polimba, pena pofewa, mosinthanasinthana. Polimbapo ndi pogwira, pofewapo ndi popindika mukamayenda. Tsono chinyezi chimadula pofewa paja pang'onopang'ono. Mukamazivala zimapitidwa mphepo, zimakhalitsa. Koma mukazitsekera m'bokosi, kunyanja kuno, zimadyeka zokha chamumtima."

Ine n'kumati mwina ndalodzedwa, osadziwa kuti mfiti yake ndi bokosi langa lomwe!

Apo azakhali ake a Tiyamike, mayi wamkulu thupi yemwe anali asanaseke n'komwe, anakonza kukhosi.

"Bambo, mwati nsapatozi mwazisunga zaka zingati?"

"Zisanu ndi chimodzi, amayi."

"Osavala?"

"Ndimadikira tsiku labwino."

"Chabwino. Nanga mwana wathuyu mwakhala naye pachibwenzi zaka zingati?"

Ndinayang'ana amalume. Amalume anayang'ana mango.

"Zisanu... ndi chimodzi."

"Mwamvatu nonse," anatero azakhali aja akutembenukira kwa abambo. "Munthu uyu si woipa, ndi wosunga. Inu amalume ake, tchulani tsiku la chinkhoswe lero lomwe musanadzuke pampandopo. Tikamupatsa mpata, mwana wathu tidzachita kumusesa ndi tsache."

Bwalo lonse linafa nacho chikhakhali, ndipo kuseri kwa katani kuja ndinamva kuseka komwe ndimakudziwa bwino. Tsiku linatchulidwa ndisanadzuke n'komwe pogwada paja. Kubwerera ku Senga Bay ndinavala patapata wa apongozi aamuna, wina wobiriwira wina wofiira, amalume akundiseka mpaka pa depoti.

Chinkhoswe chili mwezi wamawa. Kuyambira tsiku limenelo ndinalumbira kuti sindidzasungiranso chinthu tsiku lalikulu. Makapu a alendo ndikumwera madzi, bulangete latsopano ndikufunda ngakhale kukutentha, ndipo suti yaukwati ndayamba kale kuivala, kuopa kuti ingadzandithere pathupi abusa ali mkati modalitsa mphete.