Masiponji Atatu ndi Mbuna Zanga

Lolemba

Mbuna, nsomba zanga za m'thanki la pa loji pano, zachira. Timadontho toyera tija tachoka pa matupi awo, zonse zikudya, ndipo yachikasu ija yayambiranso kuthamangitsa zinzake m'thanki monse. Ndikuthokoza Mulungu. Ndikuthokozanso mlendo amene anaiwala buku lake la kasungidwe ka nsomba m'chipinda chaka chatha. Pakadapanda bukulo, bwenzi lero ndikukumba dzenje kuseri kwa loji.

Mankhwala asiya madzi ali abuluu. A Jafali, ophika athu, akuti nsomba zanga zalowa chipani. Ndawauza kuti nsomba sizivota.

Abwana apita ku Lilongwe. Mawu awo potsanzika: "Ndikabwera Lamulungu ndidzapeze nsomba zikusambira m'thankimu. Apo ayi, pakona pamenepo pabwera filiji ya zakumwa." Konayo ili moyang'anizana ndi tebulo langa lolandirira alendo. Sindikufuna kukalamba ndikuyang'ana filiji.

Ntchito ya sabata ino ndi yaing'ono: kutsuka masiponji atatu a mu sefa, kamakina kamene kamayeretsa madzi a m'thanki, kuti mankhwala atuluke. Buku likunena momveka:

- Imodziimodzi, osati onse tsiku limodzi.
- M'madzi a m'thanki momwemo, kungofinya pang'ono.
- Sopo ayi. Madzi otentha ayi. Dzuwa ayi.

Chifukwa chake: mu siponji mumakhala tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso, timene timadya zonyansa za nsomba. Timeneti tikafa, madzi amasanduka chiphe.

Ndatulutsa siponji yoyamba, ndaiika m'beseni. Pafika minibasi ya alendo. Ndimaliza mawa.

Lachiwiri

Beseni lilipo. Siponji mulibe.

Ndaipeza kuseri, pachingwe, pakati pa matawulo a alendo. Yoyera mbee, ikununkhira sopo, dzuwa likuiwotcha bwinobwino. Pambali pake paima Mayi Nabanda ochapa zovala, a msinkhu wa mayi anga ondibereka, akumwetulira.

"Mwana wanga, wodwala akachira zogonera zake zimachapidwa. Chinkhupule chanu chinali chochititsa manyazi."

Achapa pa nthawi yawo yopuma, ndi sopo wa m'thumba mwawo, kuopa kuti wa loji ndi wofooka. Munthu unganene chiyani? Ndati zikomo kwambiri, amayi.

Zoona zake ndi izi. Masiponji awiri atsala, ndipo buku likuti awiri akhoza kugwira ntchito. Wolakwa ndine, chifukwa sindinafotokoze. Munthu akadziwa mfundo sasokoneza zinthu. Mawa ndiphunzitsa onse.

Lachitatu

Phunziro nthawi ya tiyi. Abwera onse: akukhitchini, okonza m'zipinda, olima maluwa. Ndajambula tizilombo kuseri kwa pepala la zakudya, tikuoneka ngati nyemba za miyendo. Ndafotokoza kuti mu siponji iliyonse muli tosawerengeka. Mayi Nabanda agwira pakamwa. A Jafali afunsa funso limodzi lokha: "M'nyumba muno momwe alendo amadyeramo?" Ndabwereza kuti ndi tabwino. Agwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndachoka wokhutira. Anthu athu amamva msanga akawafotokozera.

Masana, ulendo wa ku positi ku Salima.

Pobwera ndapeza siponji yachiwiri ikuvina mumphika waukulu wa mpunga, madzi ali gadugadu. A Jafali akupukuta thukuta ndi epuloni. "Alhamdulillah, achimwene, kachilombo sikanatsale ngakhale kamodzi. Ndikanaphika zonse ziwiri, koma inayo yakanirira m'makinamo."

Zimene ndikuthokoza lero:

- Kukanirira kwa siponji yachitatu.
- Mtima wa a Jafali, amene asiya nthawi yawo yopuma kuti ateteze alendo.
- Kuti mpunga anali atapakula kale.

Phunziro silichitikanso.

Lachinayi

Yotsalayo ndaitulutsa ndekha ndi sikuludilaiva anthu asanafike. Ndaiika m'ndowa ya madzi a m'thanki, ndavundikira, ndaikankhira pansi pa tebulo langa. Phazi langa lili pa chivundikiro. Ikhala pamenepa mpaka anthu aiwale za tizilombo.

Mvula kuyambira m'mawa. Kumidzi ya kwa Maganga kwabuka matenda otsegula m'mimba, ndipo azaumoyo akuyenda khomo ndi khomo kuthira kolorini m'madzi akumwa. Ndi ntchito yabwino. Ndimaiyamikira nthawi zonse.

Mlendo wina wapempha kuti ndimunyamulire chikwama mpaka pagalimoto. Pobwerera ndapeza mayi wa zaumoyo, wonyowa thupi lonse, njinga yake itatsamira khoma, akutseka botolo lake. Ndowa yanga ili poyera.

"Bambo, ndayenda midzi yonseyi, koma ndowa yovundikira bwino chonchi ndaiona pano. Ndathiramo wochulukirapo, madziwo amandikayikitsa."

Kolorini amapulumutsa miyoyo. Imeneyi ndi mfundo, sindingaitsutse chifukwa choti lero yandipweteka. Ndawapatsa tiyi ndi thawulo. Ndathokoza.

Katundu amene ndili naye tsopano: masiponji atatu oyera kuposa ena onse m'boma la Salima. Tizilombo: palibe ndi kamodzi komwe!

Lachisanu

Madzi a m'thanki achita mbuu ngati otsukira mpunga. Nsomba zonse zili pamwamba, kukamwa kuli yasa. Yachikasu sikuthamangitsa aliyense, yangoima pakona. Ine si munthu wotengeka mtima, koma tiyi wandizizirira m'kapu.

Buku likuti njira ndi imodzi: kusintha gawo la madzi tsiku ndi tsiku mpaka tizilombo tidzaswanenso. Zimatenga masabata. Lamulungu ndi mkuja.

Ndatenga ndowa, ndatsikira kunyanja ndekha. Pokwera ulendo wachiwiri ndamva mapazi kumbuyo. Mayi Nabanda asenza yawo pamutu. A Jafali anyamula ziwiri m'manja, buluku atapinda mpaka m'mawondo. Kumbuyo kwawo atsikana okonza m'zipinda ndi mabeseni. Palibe amene ndamupempha. Palibe amene watchula za masiponji, ndipo inenso sindinatchule. Mayi Nabanda angoti, "Odwala ndi a tonse," n'kundipitirira, chifukwa ndimayenda pang'onopang'ono.

Mphepo ya kunyanja imalowetsa mchenga m'maso. Ndi chifukwa chake ndinaima kaye.

Loweruka

Magetsi azima kuyambira m'mawa. Sefa yaima. Madzi amene tinathira dzulo achitanso mbuu.

A Jafali aitanitsa msonkhano pakhonde. Akuti masiku ano ndi a matipate, munthu mmodzi sangalamulire nsomba yekha. Ganizo lawo: tiziike m'mono wa mlamu wawo, dengu lija asodzi amatchera nalo nsomba, tikaumangirire pamiyala m'nyanja mpaka thanki lidzachire.

Ndatsutsa mwaulemu. Ndawawerengera ndime yonse ya kusintha madzi. Ndawakumbutsa mawu a abwana, kuti nsomba zipezeke m'thanki. Wolima maluwa wafunsa ngati abwana ananena zamoyo kapena zakufa. Ndafufuza m'buku mawu okhudza mono. Mulibe.

Tavota pokweza manja. Mbali ina onse, mbali ina ine ndi buku. Mayi Nabanda akuti buku lilibe dzanja.

Ndavomereza kugonja, monga mmene atsogoleri amayenera kuchitira masiku ano. Nsomba ndazinyamula ndekha m'beseni, ena akundiperekeza pambuyo ngati tikupita ndi wodwala ku chipatala. Titangozilowetsa m'mono, yachikasu yazungulira kamodzi n'kuluma inzake kumchira. Anthu aomba m'manja.

Mfundo ina imene ndiyenera kuilandira: nyanja ndi sefa yaikulu kuposa yanga, ndipo palibe amene angaiphike.

Lamulungu

Potuluka ku tchalitchi ndapita kumiyala, nsapato m'manja. Zonse zamoyo. Koma mono ndi msampha, ndiye mwalowanso tinsomba tina tachilendo ndi nkhanu imodzi. Yachikasu ikulamulira onsewo.

Abwana afika masana, filiji ili kale kumbuyo kwa galimoto. Ayang'ana m'thanki, muli madzi okhaokha.

"Zafa?"

Ndati ayi, zachuluka. Ndawalozera kunyanja. Aseka mpaka kugwira khoma, kenaka ati, "Ndinanena kuti m'thankimu." Ndi zoona, anatero. Sindingakane mfundo chifukwa choti ili mbali ya abwana.

Filiji yalowa pakona. Ikung'ung'udza. Ndayesa kuiyang'ana kwa kanthawi, mulibe chimene chikuthamangitsa chinzake.

Koma thanki silitayidwa. Mayi Nabanda andilankhulira kwa abwana. Akuti kwawo kochapira kuli malo, pansi pa shelefu ya sopo, ndipo soketi ya ayironi ikhoza kuyendetsanso sefa. Abwana avomera. Amuna onse a pa loji alinyamula, a Jafali akuwatsogolera ndi mawu okha. Ndabwezeramo masiponji onse atatu. Pakapita masabata angapo tizilombo tidzaswana, masiponji adzada monga akuyenera kudera, ndipo mbuna zidzabwerako kunyanja.

Ndikutuluka, Mayi Nabanda andigwira pamkono.

"Musadandaule, mwana wanga. Zinkhupule zanu zili pamaso panga tsopano. Sizidzadanso."

Ndati zikomo kwambiri, amayi.