Dirilo Imene Inachira Popanda Chilolezo

Kuseri kwa mapiri ena, kumene msewu wa phula umafika m'malonjezo okha, kunali mudzi wodulidwa pakati ndi mtsinje. Chipatala chinali tsidya lina, ndipo m'dzinja odwala ankawoloka ali pamachira, madzi akulekeza m'chifuwa mwa owanyamula.

Bungwe lina linabweretsa zitsulo za mlatho, jenereta, ndi dirilo yaikulu yoboolera thanthwe kuti mabawuti a mlathowo apeze pogwira. Dirilo ija inatha nyengo yonse yachisanu itatsekeredwa, kudikira mlendo wolemekezeka woti adzaiyatse koyamba. Itayatsidwa, inapezeka ikudwala: inkazungulira bwinobwino koma osamenya mwala. Inkangosisita thanthwelo ngati ikulipepesa.

Mudziwo sunakhale manja lende. Unakhazikitsa Komiti Yaikulu Yofufuza Kudwala kwa Dirilo, ndipo wapampando wake, a Mkwezalamba, anawonjezeredwa udindo wa Mlangizi Wamkulu pa Zoboola. Paja mutu umodzi susenza denga, choncho mitu inachuluka, uliwonse ndi pakamwa pake pofuna nkhomaliro.

"Mabulashi a mota atha," anatero a Dzoole, wachiwiri kwa wapampando, omwe alamu awo anagwirapo ntchito kumigodi.

"Ine ndikukayikira timphira ta m'kati," anatero mayi Nankhoma, mlembi wa komitiyo. "Koma tisatsegule. Tikatsegula tidziwa, nanga mawa tidzakambirana chiyani?"

Mfundoyi inaomberedwa m'manja.

A Thindwa, omwe akazi awo anali oyembekezera, anafunsa ngati mlatho uime mvula isanagwe. Anawayankha mwaulemu kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo komiti inagwirizana zopita kumzinda kukaona mmene madirilo athanzi amamenyera.

Akuluakulu a kuboma anati asanavomereze ulendowo adzaone kaye matendawo ndi maso awo. Anafika dzuwa la Okutobala lili paliwombo. A Mkwezalamba, atavala suti, anayatsa dirilo, kuikanikiza pathanthwe, n'kuyamba kulankhula.

"Monga mukuonera, alendo athu olemekezeka, chipangizochi chatikana."

Anafotokoza mbiri ya komiti, mavuto a komiti ndi masomphenya a komiti, chala chili chikanikizire batani. Kutalika kwa mawu awo kunatenthetsa makinawo, girizi amene anauma m'kati mwake ndi chisanu chija anasungunuka, ndipo dirilo inayamba kugunda. Fumbi loyera linabuka. A Mkwezalamba anayesa kukweza mawu kuti aphimbe phokosolo, koma thupi lonse linkanjenjemera, tayi ikuvina payokha. Pamene ankaitula, pathanthwe panali bowo lokongola, lakuya bwino.

Amayi anaimba nthungululu. A Thindwa anagwada n'kulowetsa chala m'bowomo. Mkulu wa alendowo anagwira chanza a Mkwezalamba, n'kunena kuti ulendo wa kumzinda sukufunikanso.

Alendo atangochoka, komiti inakumana mwadzidzidzi, nkhope zili zamaliro.

"Bambo wapampando," anayamba a Dzoole, "anakutumani ndani kuti mukonze?"

"Sindinakonze dala, abale anga. Ndimangolankhula."

"Akazi anga anasokesa kale diresi yodzandilandirira pobwera," anatero a Dzoole.

Anagamula kuti bowolo, popeza linabooledwa popanda chilolezo, litsekedwe ndi simenti. Dirilo inatsekeredwanso pamalo ozizira, poyembekezera Komiti Yapadera Yofufuza Kuchira Kokayikitsa kwa Dirilo. A Mkwezalamba anachotsedwa pampando chifukwa chochititsa manyazi mudzi pamaso pa alendo.

Bambowo anaimirira, chipewa chili m'manja, misozi ikulengeza. Anapepesa, nalumbira kuti m'moyo wawo wonse sadzakonzanso kanthu, mwadala kapena mwangozi.

Mbiri ya lumbiroli itamveka kuboma, akuluakulu aja anaona kuti munthu wodalirika chotere sayenera kuwonongekera kumudzi. Pano a Mkwezalamba akuyang'anira milatho ya chigawo chonse.