Zitosi za Pakhonde la M'mwamba

Inu, tamverani za mkamwini wanga, munthu wa tayi amene khasu amangolionera pa chithunzi. Iye ndi mwana wanga ankachita lendi m'mwamba mwa nyumba yosanja. Pansi pankakhala eni nyumba, mayi aukhondo woopsa, amene anachenjezeratu kuti akadzangoona uve, makiyi abwerere.

Tsiku lina ndinapeza zidebe za tomato zili mbwee pakhonde.

"Bambo, feteleza wa m'sitolo ndi poizoni," anatero mkamwini. "Ine ndikulima mwachilengedwe."

"Manyowawo ndi owola?"

"Atsopano ndiye amphamvu, bambo. Ndagula zitosi za nkhuku za lero lomwe!"

Ife kusukulu ya mishoni tinaphunzira kuti manyowa amayamba awolera m'dzenje, ndipo wotsutsa ankalawa ndodo. Ndinamuuza. Anandiseka mwaulemu, kuseka kuja kwa anthu a madigiri. Chabwino, mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha.

Tomato anapserera ngati wathiridwa madzi owira. Mukuti munthu anagonja? Ayi ndithu! Akuti mbewu zinafa ndi njala. Anaviika zitosi zotsala mumgolo, n'kumathirira mbande zatsopano msuzi wakewo. Inu, fungo lake! Ntchentche zinaitana ndi azibale awo omwe. Ndiye poti zidebe zinali zosaboola, madzi anadikha, mizu n'kuyamba kuwola.

"Boola kunsi kwake," ndinatero, "koma uyambe wazitsitsira pabwalo."

Anamva theka loyamba lokha. Anatenga msomali n'kuboola zonse pakhonde pomwepo. M'munsimo eni nyumba anali akuyanika malaya oyera a kwaya yonse ya kutchalitchi kwawo.

"Mvula yanji kunja kuli ngwee chonchi?" anatero mayiwo, n'kuyang'ana kumwamba kukamwa kuli yasa.

Zotsatirazo sindinena, ndine munthu wopemphera.

"Pepani mayi," anafuula mkamwini, "musaope, mulibe mankhwala. N'zachilengedwe!"

"Zachilengedwe? Kazichitireni kwa amene anakubalani! Makiyi anga!"

Kwa amene anamubala n'kutali. Pafupi m'pakwanga. Dzulo lole inatsitsa mwana wanga, mwamuna wake, mipando, zidebe ndi mgolo pabwalo langa losesedwa bwino. Ndinaima pageti n'kulamula kuti mgolowo usalowe.

"Musavutike mtima, bambo," anatero mwana wanga. "Aphunzirapo kanthu. Akuti zitosi zogula zija zinali zachabe. Pano poti malo alipo, nkhukuzo aziweta okha."