Injini ya alamu m'diramu la mphale

Anzanga, kudzitama n'koipa. Ine ndimakonza njinga zamoto za akabaza pa Milepa, ndipo anyamata akamandiitana kuti "injiniya" mutu umakula. Ndiye tsiku lina alamu anga a Chikopa, achimwene a mkazi wanga, anafika kuchokera ku nyanja ya Chilwa atanyamula injini yawo ya boti, yakalekale, utoto wonse unasupuka. Akuti yayamba ulesi, asodzi anzawo akumawapitirira.

"Alamu, muitha imeneyi? Ndi imene imadyetsa ana angatu."

"Aaa, injini ndi injini basi," ndinatero. "Mawa muipeza ikuuluka."

Iwo anapita kukazonda odwala ku Njuli. Ine ndinaimangirira pa thabwa la khola la mbuzi, pakhomo pa apongozi pomwepo poti ndili pachikamwini. Ndinatsuka kabuleta, kusintha pulagi, kukoka chingwe, yalira! Ndinaiwonjezera moto mpaka mbuzi kupanikizana pakona, ine mano onse panja.

Posakhalitsa ndinamva fungo la labala wopsa. Kuigwira, eee, ngati chiwaya cha tchipisi. Apa m'pamene nzeru zinabwera: njinga imazizira ndi mphepo, koma iyi imafunika kumwa madzi. Nanga munthu wa kumtunda, amene boti amangoliona pa kalendala, akanadziwira kuti? Ndinazimitsa msangamsanga. Ndikaipha injiniyi, ana a alamu adya chiyani, ndipo ine pamudzi pano ndidzayenda ndi nkhope yanji?

Kuseri kwa khitchini ndinaona diramu lodzaza madzi. Sindinasuzumiremo n'komwe. Ndinaibereka injini ija, kuikoleka m'mphepete mwa diramu, kukoka chingwe, ndipo mwaphuma chigongono chinagunda giya. Mayo ine! M'diramumo apongozi anaviikamo mphale ya chinkhoswe cha mwana wawo womaliza. Pulopela, kachitsulo kozungulira kokankha madzi kaja, inagwira ntchito yake mokhulupirika. Mphale padenga, mphale m'khola, mphale m'makutu mwanga, nkhuku za mudzi wonse n'kubwera liwiro.

Pamene ndimazimitsa, apongozi akazi anali ataima pakhomo, mpango wonse mbuu. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso, ndiye ndinangogwada m'matopemo. Iwo sanandiyankhule ine ayi. Anatembenukira kwa mkazi wanga.

"Iwe Esinati, tawafunsa amuna akowa, chigayo chimenechi atsegula liti? Bwenzi atiuza, sitikanavutika."

Ndinkangofuna nthaka itang'ambika.

M'mawa mwake alamu anabwera. Anamvetsera nkhani yonse osaseka, anatsuka diramu, kuthiramo madzi oyera, kukoka chingwe. Injini inatsokomola, inalavula timphale tiwiri, kenako kumbuyo kwake kunatuluka kamtsinje ka madzi.

"Ikukodza," anatero. "Ikamakodza chonchi ndiye kuti ili moyo."

Ndinakhala pansi n'kupumira m'mwamba. Sindinasangalalepo chotero poona chinthu chikukodza, ngakhale mwana wanga woyamba.

Patatha sabata anandiimbira foni ali kunyanja. Ndinafunsa mwamantha za liwiro.

"Ikuyenda chimodzimodzi ngati kale, alamu. Ulesi womwewo."

Ndinavina pa shopu yanga ngati ndapambana mpikisano, poti sindinaiphe. Kuyambira tsiku limenelo, chilichonse chimene chilibe matayala musabwere nacho kwa ine. Ngakhale keturo ya tiyi, pitani nayo kwina.